MFUTI YOBISA M'THUMBA SIDZASUNGA MTENDERE KWA SANDWE

Pali ciphunzitso cacilendo cimene cayamba kulowa m'midzi kudzera m'mafoni ndi m'nkhani za pamowa, ndipo nkofunika kuti mamembala a cipani a kwa Mfumu Sandwe, pamodzi ndi anzao a ku Petauke ndi ku Nyimba, acizindikire cisanazike mizu. Ciphunzitsoco cimati mwamuna aliyense ayenera kuloledwa kuyenda ndi kamfuti kobisa m'thumba monga amacitira ku America, ndiponso kuti lamulo lisinthidwe kuti munthu akangoopsezedwa aziwombera, mafunso nkubwera pambuyo. Olalikira ciphunzitsoci amanena kuti mbala zikadziwa kuti munthu aliyense angakhale ndi mfuti zidzacita mantha, ndipo umbanda udzatha wokha. Mau amenewa ndi ozuna m'khutu, koma ndi bodza, ndipo amene adzalipira mtengo wa bodzali ndi anthu a kumudzi, pa maliro a ana ao.

Munthu wa kwa Sandwe akamadandaula za citetezo sanena zopeka ai. Dziko lake lagundana ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa, ndipo njobvu zikhoza kutha munda wa cimanga usiku umodzi, banja nkutsala ndi njala caka conse. Mlimi akagulitsa thonje, nshawa kapena cimanga, amabwerera kwao ndi ndalama m'thumba pa njira yaitali yodutsa m'chire. Mbuzi ndi ng'ombe zimatulutsidwa m'khola usiku eni ake ali m'tulo. Ngakhale kuti Lusangazi inapatuka ku Petauke ndi kukhala boma payokha mu 2018, midzi yambiri ikali kutali ndi polisi, ndipo m'dzinja mitsinje ikadzaza galimoto silifika. Zonsezi ndi zoona, ndipo wozikana sanagonepo m'cigwa. Koma matenda akakula sindiko kuti mankhwala aliwonse ndi ociritsa. Kodi mfuti yobisa idzacepetsa mabvuto amenewa, kapena idzaonjezera ena pamwamba pake? Yankho likupezeka m'malamulo a Zambia, m'mbiri ya dera lomweli, ndiponso m'maiko amene anayesa kale njira imeneyi.

LAMULO SILINAMANGE MUNTHU MANJA

Bodza loyamba la olalikira mfuti ndi lakuti lamulo la Zambia limamanga munthu manja mbala ikamlowera m'nyumba. Si conco. Ndime 17 ya Penal Code, buku la malamulo a milandu ya upandu, imanena kuti munthu alibe mlandu akagwiritsa nchito mphamvu pochinjiriza moyo wake kapena katundu wake, ngakhalenso moyo ndi katundu wa mnzake, malinga ngati mphamvuyo siiposa imene inali yofunika kuti abweze womuputayo. Cigawenga cikalowa m'nyumba ndi nkhwangwa, mwini nyumba nkucikantha ndi mpini podzipulumutsa, lamulo liri kumbali yake. Koma mnyamata akathyola cimanga m'munda, nayamba kuthawa, mwini munda nkumuwombera kumsana, pamenepo palibe kudziteteza. Ameneyo wapha munthu, ndipo khoti likampeza wolakwa akhoza kukhala m'ndende moyo wake wonse, pakuti lamulo likayeza moyo wa munthu ndi thumba la cimanga limapeza kuti moyo ndiwo wolemera. Tsono amene afuna kuti ndimeyi isinthidwe sakupempha ufulu wodziteteza, cifukwa umenewo ulipo kale. Cimene akufuna ndi ufulu wopha popanda wowafunsa.

Cimodzimodzinso pa nkhani ya zirombo. Lamulo la nyama za kuchire, Zambia Wildlife Act ya 2015, limalola munthu kupha nyama imene yaika moyo wake kapena wa mnzake pangozi, koma ayenera kukanena msanga kwa akuluakulu oyang'anira nyama, ndipo minyanga kapena cikopa sizikhala zake. Nalonso lamulo la mfuti, Firearms Act ya 1969, sililetsa nzika yokhulupirika kukhala ndi mfuti. Limangofuna kuti munthuyo akhale wa zaka 21 kapena kuposa, apolisi amufufuze, mfutiyo ilembedwe m'kaundula, ndipo laisensi yake izikonzedwanso nthawi yake ikatha. Mfuti imene apolisi adziwa mwini wake ndi nambala yake ndi yosiyana kutali ndi mfuti imene anthu amaidziwa tsiku limene yalira. Ndipo lamulo silisekerera mbala ya mfuti: kwa zaka zambiri wopezeka ndi mlandu wofwamba ndi mfuti ankaweruzidwa kuphedwa, ndipo cilango ca imfa citathetsedwa mu December 2022, cilango cake ndi ndende ya moyo wonse.

DERA LINO LIMAIDZIWA MFUTI

Akuluakulu a ku Petauke ndi ku Nyimba safunika kuphunzitsidwa ndi mafoni za nchito ya mfuti, pakuti anaiona ndi maso. Kuyambira mu 1987 zigawenga za RENAMO zinkaoloka malire kucokera ku Tete ndi kugwera midzi ya m'malire a Cigawo ca Kum'mawa, kupha anthu, kufunkha masitolo, ndi kugwira amuna ndi akazi kuti azisenzera katundu wakubayo. Caka comweco kunatsegulidwa malo a anthu othawa nkhondo ku Ukwimi, m'dziko la Mfumu Sandwe, ndipo anthu a ku Mozambique oposa 20,000 anakhala kumeneko kufikira nkhondo itatha. Anthuwo anacoka m'dziko limene mfuti zinali ponseponse, nabwera kudzagona tulo m'dziko limene mlimi amapita kumunda ndi khasu lokha.

Pa nthawi ya nkhondoyo Boma la Mozambique linagawa mfuti zambirimbiri kwa anthu wamba kuti adziteteze, ndipo zambiri mwa izo sizinalembedwe nkomwe. Nanga cinacitika nciani pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992? Mfuti zambiri sizinabwerere m'manja a Boma. Zina zinakwiriridwa m'chire, zina zinagulitsidwa pa mtengo wocepa ndi kuoloka malire, nkukapezeka m'manja a mbala ku South Africa, ku Malawi ndi m'Zambia muno. Kuyambira mu 1995 apolisi a Mozambique ndi a South Africa anatha zaka zambiri akufukula ndi kuphwanya zidazo pa nchito imene anaicha Operation Rachel. Kusonkhanitsa mfutizo kunadya zaka ndi cuma cambiri. Walira mvula walira matope, ndipo matope a nkhondo ya Mozambique anafika mpaka m'midzi ya kuno.

Cigwa ca Luangwa naco ciri ndi umboni wake. Mu 1973 akatswiri atawerenga njobvu za m'cigwaci ali m'ndege anapeza kuti zinali pafupifupi 86,000. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zoposa theka zinali zitaphedwa. Cipembere cakuda cinatheratu, kotero kuti mu 1998 cinalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso, ndipo zisanu zimene zinabwera ku North Luangwa mu 2003 zinacita kucokera ku South Africa pa ndege. Amene analemera ndi minyanga anali amalonda a m'matauni ndi a kunja. Wa kumudzi amene anasenza mfuti anatsala ndi usiwa, ena ndi ndende, enanso ndi manda m'chire. Mpaka lero gogodela imene mwini wake amati ndi yoopsezera njobvu kumunda ndi yomweyo imene imalowa m'nkhalango usiku, ndipo ndi yomweyonso imene imatuluka pansi pa mphasa tsiku limene abale akangana za malire a munda.

ZIMENE AMERICA YAKOLOLA

Popeza olalikira mfuti amatama America, nkoyenera kuona zimene dzikolo lakolola. Mu 1987 cigawo ca Florida cinakhazikitsa lamulo lakuti munthu aliyense wopanda mbiri ya milandu apatsidwe cilolezo coyenda ndi mfuti yobisa, ndipo zigawo zambiri zinatsatira. Mu 1998 katswiri wa zacuma, John Lott, anasindikiza buku lochedwa More Guns, Less Crime, m'mene ananena kuti mfuti zikaculuka umbanda umacepa. Bukuli ndilo gwero la zambiri zimene zimanenedwa lero m'mafoni. Koma mu 2004 bungwe la akatswiri la National Research Council litaunikanso ziwerengero linapeza kuti palibe umboni wokwanira wotsimikizira zimenezo. Mu 2019 John Donohue wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake, atafufuza ziwerengero za zaka zambiri, anapeza kuti m'zigawo zimene zinamasula lamuloli, milandu ya ciwawa patapita zaka 10 inali yoculuka ndi 13 mpaka 15 pa 100 iriyonse kuposa m'mene ikanakhalira popanda lamulolo.

Mu 2005 Florida yomweyo inapitirira. Kale lamulo linkati munthu akaputidwa kunja kwa nyumba yake ayambe wayesa kuthawa ngati njira yothawira iripo. Lamulo latsopano, lochedwa Stand Your Ground, linacotsa udindo umenewo. Ofufuza otsogozedwa ndi David Humphreys wa ku Oxford anasindikiza zotsatira zake mu 2017: anthu ophedwa ku Florida anaonjezeka ndi 24 pa 100, ndipo ophedwa ndi mfuti anaonjezeka ndi pafupifupi 32 pa 100. Mu February 2012 m'tauni ya Sanford, mnyamata wa zaka 17, Trayvon Martin, akucokera kusitolo wopanda cida ciriconse, anawomberedwa ndi George Zimmerman, munthu wodzipereka kulondera m'dera lao amene anali ndi cilolezo ca mfuti yobisa. Khoti linamasula Zimmerman mu 2013 pobvomereza kuti ankadziteteza. Wina amene akanafotokoza m'mene ndeuyo inayambira anali atagona kale m'manda.

Mu 2021 mokha anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka anadziwombera okha. Ili ndi dziko limene liri ndi zipatala zazikuru, maambulansi ndi miseu ya tara. Nanga kwa Sandwe, kumene munthu wolasidwa ndi cipolopolo ayenera kunyamulidwa pa njinga kapena pa ngolo, kenako nkudikira galimoto lopita kucipatala ca ku Petauke, adzapulumuka angati? Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe, anatero akale.

MANTHA, MOWA NDI MKWIYO

Colakwika cacikuru m'ciphunzitso ca mfuti yobisa ndi kuganiza kuti anthu ali m'magulu awiri osasintha, abwino ndi oipa, ndi kuti wabwino akagwira mfuti adzalasa woipa yekha. Anthu a kumudzi amadziwa kuti milandu yambiri yofika kwa nyakwawa siikhala ya acifwamba acilendo. Imakhala ya anthu odziwana: ndeu ya pamowa, nsanje ya m'banja, ngongole, malire a munda, ng'ombe yodya mbeu za mnansi. Lero ndeu zoterezi zimatha ndi cibakera kapena ndodo, ndipo m'mawa mwake akuluakulu amakhala pansi pa mtengo, wolakwa nkulipira mbuzi. Mmodzi wa okanganawo akakhala ndi kamfuti m'thumba, mlandu wa mbuzi umasanduka maliro, mmodzi kumanda, wina kundende, mabanja awiri nkutsala opanda wolima. Madzi akatayika saoleka.

Mantha naonso amasokoneza maso. Kumayambiriro kwa 2020, pamene mphekesera za anthu opopera mankhwala okomola m'nyumba zinafala m'dziko lonse, magulu a anthu amantha anapha anthu pafupifupi 50 powaganizira cabe, ambiri a iwo osalakwa, ongodutsa m'dera limene sanali odziwika. Anaphedwa ndi miyala, zibonga ndi moto. Aliyense adzifunse kuti maliro akanakhala angati cikhala kuti m'thumba liri lonse munali mfuti. Ku Cigawo ca Kumadzulo ndi ca Kumpoto ca Kumadzulo, mfuti zotsala pa nkhondo ya Angola zinabala magulu ochedwa makaravina, amene ankalembedwa ganyu yowombera nkhalamba zoganiziridwa ufiti. Ndipo ku Pretoria, pa 14 February 2013, katswiri wothamanga Oscar Pistorius anawombera kanai pa citseko ca cimbudzi ndi mfuti yake ya laisensi, nanena kuti ankayesa muli mbala. M'katimo munali bwenzi lake Reeva Steenkamp, amene anafera pomwepo, ndipo mu 2015 khoti la apilo linapeza Pistorius wolakwa pa mlandu wakupha.

Pali cinanso cimene olalikira mfuti sachula. Mfuti ndi katundu wa mtengo wapatali, ndipo mbala imaifuna kuposa ng'ombe. Nyumba ya udzu yokhala ndi citseko ca bango siingasunge mfuti mwini wake ali kumunda kapena kumaliro. Mfuti imene yagulidwa lero kuti iteteze banja ikabedwa mawa, imakaima pa mseu wa Great East Road usiku, kudikira mlimi wina wocokera kogulitsa thonje. Komanso mbala ikaganiza kuti mwini nyumba ali ndi mfuti siileka kuba. Imabwera ndi mfuti yake, ndipo imayamba ndiyo kuwombera. Kuonjezera apo, m'nyumba muli ana, ndipo palibe malo obisika amene mwana sawapeza.

NJIRA IMENE YAONETSA ZIPATSO

Cimene cathandiza m'dera lino ndi m'maiko oyandikana nalo ndi kucotsa mfuti m'manja a anthu. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Cikristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba nchito yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata, ndipo anthu anatulutsa zida zimene anabisa zaka zambiri. M'cigwa ca Luangwa muno, bungwe la COMACO kuyambira mu 2003 lakhala likulandira mfuti ndi misampha ya waya kwa alenje osaka popanda cilolezo, nkuwaphunzitsa ulimi wosunga nthaka ndi kuweta njuci, ndi kuwagula nshawa, mpunga, soya ndi uci zimene zimagulitsidwa ndi dzina la It's Wild! Mlenje amene anapereka gogodela yake amagona m'nyumba mwake osaopa kugogoda kwa usiku. Ndipo kuyambira mu 2017 bungwe la African Union linapatula mwezi wa September caka ciri conse kukhala nthawi imene anthu angapereke mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu.

Nkhani ya njobvu nayo iri ndi njira zake. Gogodela kawirikawiri siipha njobvu, imangoibvulaza, ndipo njobvu yobvulala ndiyo imapha mai wopita kukatunga madzi m'mawa mwake. Alimi a m'madera ena a m'cigwaci amachinga minda ndi zingwe zopaka mpiripiri, amafukiza njerwa za ndowe zosakaniza ndi mpiripiri, amalondera minda pamodzi mosinthana, ndipo amamanga nkhokwe za simenti zimene citamba siciboola. Njira zimenezi sizithetsa bvuto lonse, koma palibe mwana amene anafa cifukwa ca mpiripiri.

NCHITO YA MAMEMBALA A CIPANI

Tsono mamembala a cipani m'nthambi ndi m'mawadi ali ndi nchito yoonekeratu. Coyamba, ayambe adziyeretsa okha. Mu October 2019, pa nthawi ya cisankho capadera ku Kaoma, mnyamata wina wotsatira cipani anawomberedwa nafa, ndipo imfa yake inacititsa manyazi dziko lonse. Membala wopita kumsonkhano ndi mfuti m'malaya ndi mdani wa cipani cake comwe, ndipo wapampando wa nthambi amene adziwa zimenezo nakhala cete ali ndi gawo pa mlanduwo.

Caciwiri, atsogoleri a nthambi agwirizane ndi anyakwawa ndi akapaso a mfumu polimbikitsa aliyense wosunga mfuti yopanda laisensi kuti aipereke. Woipereka asakwere nayo basi kapena njinga mwakabisira ai. Ayambe wadziwitsa nyakwawa, nyakwawa adziwitse apolisi, kuti zonse zicitike poyera.

Cacitatu, midzi ikhazikitse ndi kulimbitsa magulu olondera ogwira nchito pamodzi ndi apolisi, onyamula matochi, mawezulo ndi mafoni, osati mfuti. Nkhani ya ku Sanford iwakumbutse cimene cimacitika mlonda wa m'mudzi akadziyesa wapolisi ndi woweruza nthawi imodzi. Wogwidwa akuba aperekedwe kupolisi wamoyo ndi wosabvulazidwa. Ng'ombe ziikidwe zizindikiro, ndipo wogula ciweto afunse kalata ya nyakwawa ndi ya alangizi a ziweto. Mlimi akagulitsa mbeu asunge ndalama zake m'foni kapena kubanki kumene nkotheka, pakuti mbala siidikira panjira munthu amene m'thumba mwake mulibe kanthu.

Cacinai, mamembala asaope kukumbutsa Boma udindo wake, pakuti nzika ikauzidwa kuti ipereke mfuti iri ndi ufulu wofunsa kuti adzaiteteza ndani. Makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo a ku Lusangazi, Petauke ndi Nyimba amve dandaulo limeneli pa msonkhano uli wonse: mapolisi ang'ono-ang'ono amangidwe pafupi ndi midzi, apolisi akhale ndi njinga zamoto ndi mafuta ake, milatho ikonzedwe kuti dzinja lisamadule anthu, ndipo asilikari a nyama azifika tsiku lomwelo njobvu zikagwa m'munda. Gawo la ndalama za ulenje limene limabwera kumidzi kudzera m'makomiti a Community Resources Board liziwerengedwa poyera, ndipo lina lizipita ku nchito yochinjiriza minda. Wapolisi kapena msilikari wa nyama akacedwa, mlimi amakumbuka gogodela ya atate ake, ndipo kucedwa kumeneko ndiko kumapatsa olalikira mfuti anthu owamvera.

Mutu umodzi susenza denga. Mudzi wa Ansenga wakhala ukudzisunga ndi mfuu, pakuti wina akakuwa usiku amuna onse amatuluka, ndipo mlendo akafika amayamba waonekera kwa nyakwawa. Mphamvu imeneyi imaima pa kukhulupirirana, ndipo kukhulupirirana kumatha tsiku limene munthu ayamba kuyang'ana thumba la mnansi wake asanampatse moni. Cifukwa cake wina akadzaimirira pa msonkhano wa nthambi ndi kutama mfuti yobisa, afunsidwe pamaso pa onse kuti afotokoze za maliro a ku Florida, za mfuti za ku Tete ndi za nkhalamba zimene zinaphedwa ndi makaravina. Akalephera kuyankha akhale pansi, msonkhano upitirire ndi nkhani ya kumanga polisi ndi kukonza mlatho.